PHUNZIRO: KUYENDETSA BWINO MISONKHANO PA NTCHITO NDI M'MAKOMITI

Phunziro la ulendo uno likukhudza chinthu chimene chimatidyera nthawi yambiri, koma chimene ambirife sitinakhalepo pansi n'kuchiphunzira. Chinthucho ndi msonkhano.

Mukayenda mu msewu wa M1 kuchokera pa Lunzu, kudutsa pa Lirangwe mpaka ku Mdeka, kapena mukakhotera cha ku Chileka, n'kovuta kupeza mayi wa mumpingo amene sali m'komiti ina iliyonse. Wina ali m'komiti ya sukulu, wina m'gulu la amayi loyang'anira atsikana kuti asasiye sukulu, wina m'komiti ya mjigo, wina m'komiti ya pachipatala, winanso ndi msungichuma wa banki mkhonde. Palinso anzathu amene ali pa ntchito yolembedwa: aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, makalaliki, ndi ena amene amalawirira m'mamawa kukagwira ntchito m'tauni. Onsewa amaitanidwa kumisonkhano, ndipo ena a iwo ndi amene amaitanitsa.

Makomiti ambiriwa sanangobwera okha. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994, ana anachuluka kwambiri, ndipo makolo anayamba kufunika pa ntchito youmba njerwa, kumanga midadada ndi kuyang'anira sukulu. M'chaka cha 1998 kunabwera lamulo la maboma ang'onoang'ono pamodzi ndi ndondomeko imene tinaizolowera ndi dzina loti mphamvu ku anthu. Mwa ndondomeko imeneyi, chitukuko chimayenera kuyambira m'komiti ya VDC, ya m'dera la a gulupu. Kuchoka apo mfundo zimapita ku ADC, ya m'dera la mfumu yaikulu monga a Lundu, a Chigaru, a Kapeni kapena a Kuntaja, ndipo kenaka zimakafika ku khonsolo ya boma la Blantyre. Tanthauzo lake ndi lakuti mlatho, mjigo kapena nyumba ya mphunzitsi zimayamba ngati mawu oyankhulidwa pansi pa mtengo. Mawuwo akapanda kumveka, kulembedwa ndi kulondolozedwa, mudzi umatsalira, ndipo amene amatunga madzi kutali ndi ife tomwe.

Kodi pakufunikadi msonkhano?

Funso loyamba limene woitanitsa ayenera kudzifunsa ndi limeneli. Pali nkhani zongofuna kulengeza, ndipo pali nkhani zofuna kuti anthu aikepo maganizo n'kumanga mfundo. Tsiku la sikelo ya ana likasintha, anthu angofunika kuuzidwa. Kalata, chilengezo cha kutchalitchi, uthenga wa pa foni kapena mnyamata wa a mfumu ndi zokwanira. Tinaziona zimenezi m'chaka cha 2020, pamene sukulu zinatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid-19 ndipo misonkhano ikuluikulu inaletsedwa. Mauthenga ambiri anayenda pa foni ndi pa WhatsApp, ntchito n'kumachitika. Koma nkhani yoti ndalama za sukulu zigule mabuku kapena zikonze zimbudzi za atsikana singathe pa foni. Imeneyo imafuna kuonana maso ndi maso, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Funso lachiwiri ndi lakuti ndani ayenera kubwera. Kuitana mudzi wonse pa nkhani yofuna anthu asanu ndi kuwononga tsiku la anthu. Kusiya munthu amene nkhaniyo ikumukhudza ndi kubzala mkangano. Mukakambirana za nthawi yotsegulira mjigo popanda amayi amene amatungapo, mfundo yanu idzafa tsiku lomwelo.

Nthawi ya anthu ili ndi mtengo

Tiyeni tiwerengere limodzi. Msonkhano waitanidwa 2 koloko masana, koma wayamba 4 koloko chifukwa wapampando anachedwa. Anthu amene anali kudikira ndi 20. Aliyense wataya maola 2, ndiye kuti onse pamodzi ataya maola 40. Munthu wogwira ntchito maola 8 pa tsiku amafunika masiku 5 kuti akwanitse maola amenewa. Sabata yathunthu ya ntchito yathera pa kukhala pa mphasa, ndipo palibe mfundo ngakhale imodzi imene yamangidwa. M'nyengo yopalira ndi kubandira, kapena tsiku la msika kwa mayi wogulitsa tomato pa Lirangwe, maola amenewa ndi chakudya cha ana.

Choipa china n'chakuti kuchedwa kumaphunzitsa kuchedwa. Mayi amene anafika pa nthawi yake n'kudikira maola awiri, ulendo winawo nayenso adzayamba watsiriza kuchapa. Pakatha miyezi itatu palibe amene amakhulupiriranso ola lolembedwa pa kalata, ndipo timayamba kunena kuti ndi mmene tilili ife Amalawi. Si zoona zimenezo. Minibasi ya m'mawa sitiiphonya. Mayeso a Sitandade 8 ana athu sachedwa. Timachedwa kumene tikudziwa kuti adzatidikira.

Mankhwala ake ndi owawa koma ndi amodzi okha: kuyamba pa nthawi yake ngati chiwerengero chofunika chakwana. Chiwerengero chimenechi, chimene ena amachitcha koramu, chiyenera kulembedwa m'malamulo a komiti kuti pasakhale kukangana. Wapampando akachedwa, wachiwiri wake atsegule msonkhano, pakuti ndi chifukwa chake tinamusankha. Ndipo wofika mochedwa asabwezere anthu m'mbuyo kuti amufotokozere zonse. Akhale pansi mwakachetechete, adzamva kwa mlembi pomaliza. Kalata yoitanira anthu inenenso ola lotsekera. Mayi amene akudziwa kuti 4 koloko akhala atamasuka amakhala ndi mtima wokhazikika. Amene sakudziwa, maso amangokhala ku dzuwa, maganizo ali ku ndiwo.

Zimene banki mkhonde ingatiphunzitse

N'zodabwitsa kuti misonkhano yoyenda bwino kwambiri m'midzi mwathu si ya anthu ophunzira kwambiri ayi, koma ya magulu a banki mkhonde. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger m'chaka cha 1991, pakati pa amayi akumudzi amene ambiri a iwo sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Chifukwa cha ichi, anaikonza kuti chilichonse chizichitika poyera, aliyense akuona ndi kumva. Tiyeni tiione bwino, chifukwa muli nzeru zimene komiti ya sukulu ngakhale msonkhano wa mu ofesi ungabwereke.

Gulu lotsata bwino ndondomeko yake limakhala ndi anthu osapitirira 25 kapena 30, ndipo limakumana tsiku lodziwika, pa ola lodziwika, pa malo odziwika. Palibe amene amafunsa kuti, "Kodi sabata ino tikumana liti?" Atsogoleri amakhala asanu: wapampando, mlembi, wosunga bokosi ndi owerenga ndalama awiri. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, ndipo makiyi amasungidwa ndi anthu atatu osiyana amene sali mwa atsogoleriwo. Choncho bokosi silingatsegulidwe kuseri. Zochitika zimatsatana mofanana sabata ndi sabata: kuitana mayina, kusonkha ya thumba la mavuto ogwa mwadzidzidzi, kugula masheya, kubweza ngongole, kutenga ngongole zatsopano, kenaka kuwerenga zotsala. Owerenga ndalama amawerenga mokweza, ndipo chiwerengero chomaliza chimalengezedwa kuti aliyense apite nacho kunyumba m'mutu. Pa msonkhano wotsatira mamembala amafunsidwa kuti m'bokosi munatsala zingati, bokosilo lisanatsegulidwe. Wochedwa amalipira chindapusa, ngakhale akhale wapampando kapena mkazi wa a mfumu.

Taonani zimene zikuchitika apa. Aliyense akudziwa chimene wabwerera. Aliyense akudziwa chimene chitsatire. Udindo wagawidwa, kotero kuti palibe munthu mmodzi amene wanyamula zonse. Lamulo silikuona nkhope. Ndipo pomaliza aliyense akudziwa chimene chatsala m'bokosi. Magulu amene amatha ndi kulira, amene timamva kuti wina wathawa ndi ndalama nthawi yogawana itayandikira, kawirikawiri ndi amene anayamba kufewetsa malamulo amenewa: makiyi onse kwa munthu mmodzi "poti ndi wokhulupirika", ngongole zoperekedwa kunyumba usiku, kaundula wolembedwa pambuyo pake.

Tsono funso ndi ili: mayi yemweyo amene salola kuti bokosi litsekedwe asanamve chiwerengero, bwanji akapita ku komiti ya sukulu amalola msonkhano kutsekedwa asanamve kuti mwagwirizana chiyani, achite ndani, ndipo pofika liti? Ine ndiona ngati chifukwa chake n'chakuti ku banki mkhonde ndalama ndi zake, pamene za sukulu amaziona ngati za boma. Koma mwana amene akukhala pansi m'kalasi lopanda madesiki ndi wakenso.

Ndondomeko ya zokambirana

Ndondomeko ya zokambirana, imene tinazolowera kuitcha ajenda, ikonzedwe ndi wapampando pamodzi ndi mlembi msonkhano usanafike, ndipo anthu aidziwe masiku angapo tsikulo lisanakwane. Munthu akadziwa kuti tikakambirana za malipiro a mlonda, amafunsiratu kwa anzake, amaganiza ali kumunda, ndipo amabwera ndi nzeru yakupsa. Akaimvera pomwepo amangoyankha zobwera m'mutu, kapena amangoti, "Zili bwino," n'kukadandaula panjira.

Mutu uliwonse ulembedwe momveka. Kungolemba kuti "Mjigo" sikuthandiza. Lembani kuti, "Tigwirizane ndalama zimene banja lililonse lizisonkha pa mwezi zokonzetsera mjigo." Mukalemba chotero, aliyense adzadziwa pamene nkhaniyo yatha.

Nkhani yolemera ikhale koyambirira, anthu akadali ndi mphamvu. Mlembi wina wa ku Britain, C. Northcote Parkinson, analemba m'chaka cha 1957 fanizo la komiti imene inavomereza m'mphindi zochepa ntchito yomanga chimakina cha nyukiliya cha ndalama zankhaninkhani, chifukwa ambiri sankaimvetsa ndipo ankachita manyazi kufunsa. Komiti yomweyo inatha nthawi yaitali ikukangana za kashedi koimikamo njinga, ndipo inatha nthawi yoposa pamenepo pa nkhani ya zakumwa za pamsonkhano, poti zimenezo aliyense ankazidziwa. Linali fanizo chabe, koma ndani wa ife sanazionepo? Lipoti la msungichuma limadutsa ngati mphepo, anthu n'kuomba m'manja. Ikafika nkhani ya mtundu wa nsalu ya yunifomu, kapena yoti alendo tiwaphikire nkhuku kapena mbuzi, aliyense dzanja m'mwamba mpaka dzuwa kulowa. Pamene pali manambala ndi pamene tiyenera kudekha. Ngati simunamvetse, funsani kuti abwereze. Safunsa anadya phula.

Mutu wa "zina ndi zina" ndi dzenje limene misonkhano yambiri imagweramo. Anthu ena ochenjera amasungira nkhani yaikulu pamenepa, podziwa kuti anzawo atopa ndipo avomera chilichonse kuti azipita. Njira yabwino ndi yakuti wapampando afunse koyambirira kuti ndani ali ndi nkhani ina, mitu yake ilembedwe, ndipo nkhani iliyonse yokhudza ndalama, chisankho kapena mbiri ya munthu idikire msonkhano wotsatira.

Wapampando

Kuyendetsa msonkhano ndi luso lochita kuphunzira, palibe amene anabadwa nalo. M'chaka cha 1863, msilikali wina wa ku America wodziwa za zomangamanga, Henry Martyn Robert, anapemphedwa mwadzidzidzi kuti atsogolere msonkhano m'tchalitchi china mu mzinda wa New Bedford. Zinamukanika, anthu anangosokonekera, ndipo iye anachoka ndi manyazi. Anatsimikiza mtima kuti aphunzire, ndipo m'chaka cha 1876 anatulutsa buku la malamulo oyendetsera misonkhano limene mabungwe ambiri a ku America akuligwiritsabe ntchito. Chaka chomwecho cha 1876, ku Old Alresford m'dziko la England, Mary Sumner anaitana amayi a m'parishi mwake ku msonkhano umene unabala bungwe lathu lino. Mbiri imati tsiku loyambalo anagwidwa ndi mantha kotero kuti amuna ake ndi amene anayankhula m'malo mwake, ndipo iye anadzalimba mtima pa kukumana kotsatira. Choncho mayi amene mwasankhidwa kumene ndipo mawondo akugwedezeka, musathawe mpando.

Komabe sitifunika kupita kutali kuti tipeze chitsanzo. Pa bwalo la milandu la kwathu kuno, mfumu yodziwa ntchito yake siyamba ndi iyo kuyankhula. Wodandaula amanena zake, woyankha amanena zake, mboni ndi ankhoswe amaikapo mawu, nduna zimafunsa mafunso, ndipo mfumu imabwera pomaliza kudzamanga nkhani. Makolo athu ankadziwa kuti wamkulu akayamba kunena maganizo ake, ang'onoang'ono amangovomereza. Wapampando, mphunzitsi wamkulu, kapena mkulu wa pachipatala amene amatsegula nkhani ndi mawu oti, "Ine ndaganiza kuti tichite chakuti, kaya anzanga mukuti bwanji," watseka kale pakamwa pa anthu. Wafunsa, koma sanafunse.

Ntchito ya wapampando ndi kugawa mpata. Pa gulu lililonse pali anthu awiri kapena atatu amene mawu sawathera, ndipo pali ena amene akhoza kukhala chaka chonse osatsegula pakamwa. Woyankhula kwambiri sitimuchititsa manyazi. Timati, "Zikomo mayi, mfundo yanu tailemba, tsopano timveko kwa amene sanayankhule." Wachete timamuitana ndi dzina, ndi funso limene angathe kuyankha: "Mayi, inu mumakhala kufupi ndi mjigowo, mumaona zotani m'mawa?" Nthawi zambiri nzeru imene imapulumutsa komiti imachokera kumbuyo, kwa munthu amene akanapita nayo kunyumba.

Nkhani ikayamba kuzungulira, anthu akubwereza zomwe zanenedwa kale, wapampando aimange: "Ndamva maganizo awiri. Ena akuti tisonkhe mwezi ndi mwezi, ena akuti tisonkhe pokolola. Kodi alipo achitatu?" Ngati palibe, gwirizanani, ndipo mukalephera kugwirizana, votani. Pa nkhani wamba kukweza manja n'kokwanira. Koma pa chisankho cha maudindo, kapena nkhani yokhudza m'bale wa munthu wamkulu, tipepala tachinsinsi timateteza anthu. Si chapafupi kukweza dzanja motsutsana ndi apongozi ako, kapena ndi munthu amene unakongolako chimanga m'mwezi wa Febuluwale.

Kuyankhula pamaso pa abambo, mafumu ndi mabwana

Apa ndi pamene ambirife timavutikira. Tinaleredwa kuti pa gulu la abambo mkazi amakhala pansi cha kumbali, ndipo ulemu umenewu si woipa. Koma mukasankhidwa kulowa m'komiti, simunapite kukadzaza chiwerengero kapena kukaphika tiyi. Mwanyamula mawu a amayi onse amene anakusankhani. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la m'chaka cha 2013 linaika kuti polemba anthu ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse. Malamulo angathe kutipatsa mpando, koma sangatitsegule pakamwa.

Pali zinthu zing'onozing'ono zimene zimathandiza. Khalani pamene wapampando angakuoneni, osati kuseri kwa chitseko. Konzekerani mfundo imodzi kapena ziwiri, ndipo ngati n'kotheka zilembeni pa kapepala. Yambani ndi ulemu woyenera, "Zikomo a Wapampando, zikomo a Gulupu," kenaka lunjikani pa nkhani, osayamba ndi kupepesa kuti ndinu osaphunzira. Bwerani ndi umboni: kunena kuti atsikana akujomba n'kwabwino, koma kunena kuti mwawerenga m'kaundula ndipo mwapeza atsikana angapo a Sitandade 7 amene sanabwere sabata yathunthu kumamveka kwambiri. Ndipo mayi mnzanu akanena mfundo yabwino n'kudutsidwa, inu ibwezeni: "A Wapampando, mfundo imene ananena mayi aja sitinaiyankhe." Kumeneko ndiye kugwirana manja, osati kumuuza panjira kuti munayankhula bwino koma anthu aja ndi ovuta.

Kwa amene muli pa ntchito yolembedwa, msonkhano wa ogwira ntchito uli ndi msampha wake. Ena amausandutsa bwalo lodzudzulirapo munthu mmodzi pamaso pa anzake. Ngati ndinu mkulu pa ntchito, cholakwa cha munthu mmodzi mukambirane naye mu ofesi, chitseko chotseka. Pagulu bweretsani zimene zikukhudza onse. Wogwira ntchito amene wanyozedwa pagulu sadzanenanso vuto limene waliona, ndipo tsiku lina vutolo lidzaphulika inu osadziwa. Tiphunzirenso kwa anamwino posinthana ntchito m'mawa: amene wagwira usiku amafotokoza mwachidule za wodwala aliyense, zimene wapatsidwa ndi zimene zatsala, ndipo akatha aliyense amapita pa malo ake. Misonkhano yambiri ya pa ntchito ikanatha m'mphindi 15 anthu ali chiimire, ikanakhala kuti cholinga chake n'chodziwika chotero.

Mlembi ndi buku lake

Komiti yopanda maminitsi ili ngati dengu lobooka. Mlembi sayenera kulemba mawu onse amene anthu ayankhula, ndipo asalembe kuti uje anakwiya kapena uje anatukwana. Alembe tsiku, malo, amene anabwera, amene anapepesa, ndipo pa mutu uliwonse alembe zinthu zitatu: chimene mwagwirizana, amene achite, ndi tsiku lomalizira.

Yerekezani ziganizo ziwiri izi. Choyamba: "Anthu anagwirizana kuti mjigo ukonzedwe msanga." Chachiwiri: "Msungichuma ndi wachiwiri kwa wapampando akagule zipangizo za mjigo pa Lunzu pofika Lachisanu likudzali, ndipo abweretse lisiti pa msonkhano wotsatira." Choyambacho aliyense adzachiombera m'manja, koma palibe amene adzakwere kabaza. Ntchito ya anthu onse ilibe mwini. Mawu oti "msanga", "posachedwa" ndi "tiona" ndi abale ake a Zengerezu uja analinda kwawukwawu.

Msonkhano usanatsekedwe, mlembi awerenge mokweza mfundo zimene mwamanga, monga momwe owerenga ndalama amalengezera zotsala m'bokosi. Zimatenga mphindi zitatu zokha, koma zimachotsa mkangano wa mwezi wamawa woti sitinatero. Pa msonkhano wotsatira, maminitsi akawerengedwa ndi kuvomerezedwa, wapampando asayine, ndipo afunse mfundo imodzi ndi imodzi: kodi zachitika? Ngati sizinachitike, chavuta n'chiyani? Munthu akadziwa kuti adzafunsidwa pamaso pa anzake, amayesetsa.

Maminitsi alembedwe m'buku lachikuto cholimba, osati pa mapepala othothoka, ndipo masamba ake akhale ndi manambala. Bukulo ndi la komiti, si la mlembi. Akasintha maudindo, liperekedwe kwa mlembi watsopano pamaso pa anthu. Makomiti ambiri amayambiranso pachiyambi zaka zingapo zilizonse chifukwa mlembi wakale anakwiya ndi chisankho n'kupita ndi buku. Kumbukiraninso kuti a khonsolo kapena a bungwe akabwera kudzaona ngati mudzi unapemphadi chitukuko, sadzafunsa kuti ndani anayankhula mokoma. Adzafunsa buku.

Za ndalama ndi za alawansi

Lipoti la chuma liperekedwe pa msonkhano uliwonse, ngakhale m'thumba muli zochepa: zinalipo zingati, zalowa zingati, zatuluka zingati, zatsala zingati, malisiti ali pa tebulo. Msungichuma wokhulupirika sakwiya akafunsidwa lisiti, chifukwa lisitilo ndi limene limamutchinjiriza ku miseche. Ndipo munthu amene nkhani ikumupindulira, mwachitsanzo ngati mwamuna wake ndi mmodzi wa amisiri ofuna ntchito yomanga, anene poyera ndi kutuluka panja mpaka anzake atamaliza.

Nkhani ya alawansi tiinene mosabisa. Yalowa m'magazi kotero kuti ena asanafunse mutu wa msonkhano amayamba afunsa ngati kuli kusayina. Kubwezeredwa ndalama ya thiransipoti pamene wayenda ulendo wautali n'koyenera, palibe amene ayenera kudyera ana ake ndalama ya ndiwo chifukwa cha ntchito ya mudzi. Koma taonani zipatso zake pamene alawansi yasanduka cholinga. Ku maphunziro a za uchembere kumapita munthu amene sagwira ntchito ndi amayi oyembekezera, poti ndi nthawi yake yodyerako. Msonkhano wa m'mudzi wopanda envulopu umasowa anthu, pamene ndi umene ukukamba za madzi athu. Komiti yanzeru imagwirizana poyera, n'kulemba m'buku, kuti woyenera kupita ku maphunziro ndi amene ntchito yake ikugwirizana ndi mutuwo, ndipo akabwerako apereke lipoti kwa anzake.

Zimenezi zikutifikitsa kwa Kandimverere uja anakanena za m'maluwa. Ngati simungathe kupita ku msonkhano, tumizani kupepesa kwa mlembi nthawi ikadalipo. Mukatuma munthu, akhale wodziwa nkhaniyo, ndipo mumuuze zimene angavomere m'dzina lanu ndi zimene sangavomere. Nanunso mukatumidwa ku ADC kapena ku msonkhano wa pa zoni m'malo mwa anzanu, tengani kope ndi cholembera. Amene anakutumani sakufuna kumva kuti kunali anthu ambiri ndipo nsima inakwana.

Msonkhano wachiwiri wa panjira

Pali msonkhano wina umene sulembedwa m'buku. Umayamba anthu akangotuluka, pa njira ya ku chigayo kapena pa gulu la WhatsApp usiku. Kumeneko ndi kumene amene anali chete amapeza mawu, ndipo mfundo imene inamangidwa masana imamasulidwa. Gawo lina la vutoli ndi la wapampando amene sanapereke mpata. Gawo lina ndi lathu. Ngati simukugwirizana ndi mfundo, nenani muli m'katimo, ndipo mukhoza kupempha kuti kukana kwanu kulembedwe. Mukagonja pa voti, mfundoyo ndi yanunso kufikira tsiku limene komiti idzaisinthe. Ndipo nkhani zokhudza matenda a munthu, mwana amene watenga mimba, kapena ngongole ya membala zithere m'chipinda momwemo. Komiti ya amayi a pasukulu ikangodziwika kuti imaulula zinsinsi, palibe mtsikana amene adzabwerenso kudzanena vuto lake.

Zokambirana m'magulu

Gawanani m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Gulu lililonse lisankhe wapampando ndi mlembi amene sanakhalepo pa maudindo amenewa, ndipo mupatsane mphindi 20 zokha.

1. Aliyense atchule makomiti amene alimo. Pa msonkhano womaliza umene munapitako, munagwirizana chiyani, ndipo anapatsidwa ntchitoyo ndani? Ngati simukukumbukira, chinasowa n'chiyani?

2. Ndi lamulo liti la ku banki mkhonde limene mungalitengere ku komiti ya sukulu, ya mjigo kapena ku ntchito kwanu mwezi uno? Ndani angalikane, ndipo mungamuyankhe bwanji mwaulemu?

3. Wapampando wa komiti yanu ndi munthu wamkulu wolemekezeka, koma amachedwa nthawi zonse ndipo amayankhula yekha. Yesezani mawu enieni amene mungamuuze, ndiponso malo amene mungamuuzire.

Alembi a magulu awerenge mfundo zawo mokweza musanatseke ndi pemphero, ndipo abwere nazo pa kukumana kwa mwezi wamawa pamodzi ndi buku la maminitsi la nthambi yanu.